Pa Chiziwa Sagogoda

Nkhani iyi sindinaitole m'minibasi ayi. Anandiuza Overton Malunga mwini wake, ndipo nditakafunsa mayi Annette Kachingwe, mphunzitsi wa sayansi amene analipo tsikulo, anandifotokozera chimodzimodzi. Amasiyana pa chinthu chimodzi chokha. Overton amati zinachitika cha m'ma teni m'mawa, pamene mayiwo amati inali hafu pasiti teni, poti iwo anayang'ana pawotchi. Amene mumakonda kuseka nkhani zotere sekani, pakamwa ndi panu. Koma dziwani kuti ku Nkhamanga, m'boma la Rumphi, kuli banja limene linalira maliro kawiri, ndipo kawiri konseko mtembo panalibe.

Overton ndi wa ku Liwonde, anakulira pa mtsinje wa Shire. Ku Rumphi anabwera mwezi wa May chaka cha 2016, kampani ina yaing'ono yokopa alendo itayambitsa maulendo pa mtsinje wa Rukuru, kumunsi kwa dambo la Vwaza. Ankayendetsa alendo pa makayaki, timabwato topepuka tapulasitiki tokwera munthu mmodzi kapena awiri, kuwaonetsa mvuu, ng'ona, nkhwazi, akatumbu, ndipo tsiku lamwayi njovu zikumwa madzi. Ntchitoyo ankaidziwa, ndipo ankadziwanso kuti amaidziwa, monga amachitira anthu a pa Shire akafika pa mtsinje wa eni.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limene aliyense amaphunzira tsiku loyamba. Ukamayandikira dziwe lakuya umagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi katatu, kenako n'kudikira. Mvuu ndi nyama yachidwi. Ikamva phokosolo pansi pamadzi imavuuka kuti ione, ndiye iwe wadziwa pamene ili, n'kuilambalala. Imene imapha munthu ndi imene waidzidzimutsa.

Lamuloli Overton analiphwanyapo kamodzi. Chaka cha 2011, pa Shire, mlendo wina anamupempha kuti asachite phokoso chifukwa ankajambula mbalame ili pachisa. Overton anamvera. Mvuu inatulukira pansi pa kayaki ya mnzake wa ntchito, dzina lake Amock, n'kumuluma m'chiuno, ndipo anafera m'njira yopita kuchipatala. Amene anakanena uthengawo kwa amake a Amock ndi Overton yemweyo. Anawapeza akusenda chinangwa, ndipo sanasiye kusenda mpaka iye atamaliza kulankhula. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti sadzadutsanso pamene pali mvuu osagogoda, ngakhale womupemphayo atakhala ndani.

Pa Rukuru anamupatsa mnzake wa ntchito, bambo Manasseh Chirambo, munthu wamtali wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, mkulu wa mpingo, wosalankhulalankhula. Ali mnyamata ankaolotsa anthu pa bwato pamtsinje womwewo. Overton ankatsogolera, a Chirambo ankatsekera kumbuyo kuti mlendo asatsale. Chimene chinkamuseketsa Overton ndi kankhwangwa kamene bamboyo ankamangirira pakati pa miyendo yake ulendo uliwonse, konoledwa mpaka kung'anima.

"Adada, tikupita kokaona mbalame kapena kokatema nkhuni?" ankawafunsa motero.

"Mitengo imagwera mumtsinje, a Malunga," ankayankha choncho basi. Ndipo zinali zoona, moti Overton sankafunsanso zambiri.

Sabata yoyamba anayenda awiriwiri popanda alendo, kuti Overton audziwe mtsinje. Pali malo ena pamene madzi amathamanga pamiyala, kenako mtsinje umakhota n'kulowa pakati pa magombe awiri ataliatali odzaza minga ya kankhande. Pamenepo pali dziwe lakuya, kutalika kwake ngati bwalo la mpira, madzi ake akuda ndiponso odekha. Anthu a kumeneko amangoti pa Chiziwa. Overton atakweza nkhafi kuti agogode, a Chirambo anafulumira n'kuigwira kumapeto.

"Apa yayi," anatero motsitsa mawu.

"Bwanji, adada? Dziwe ngati ili ndiye nyumba ya mvuu."

"Chigwere sichigona pano," anatero, kutchula mvuu m'Chitumbuka. "Ikani nkhafi pamiyendo, madzi atitenge okha."

Anadutsa ali chete. Atafika pa mchenga wa kumunsi anatsika, ndipo a Chirambo anatsegula fulasiki yawo ya tiyi. Anamwa theka la kapu. Kenako anafotokoza, maso ali pamadzi.

Mu February chaka cha 1999 mvula inagwa masiku anayi osakata. Kutsidya kunali maliro, ndipo a Chirambo ananyamula amayi a mpingo asanu ndi mmodzi m'bwato lawo lalikulu la mtengo wa mbawa. Mmodzi mwa amayiwo anali mkazi wawo, Lettie, amene anthu ankamutchula kuti Nyagondwe. Madzi anawakokera pa Chiziwa, bwato linagubuduzika n'kukakanirira mozondoka pansi pa mkuyu umene unagwera m'madzi. Amayi asanu anavuulidwa. Nyagondwe sanaoneke. Anthu atayamba kale kulira m'mphepete, wina anamva kugogoda kuchokera m'kati mwa bwatolo. Munali mutatsala mpweya, ndipo mayiyo anali moyo.

"Ndinakwera pamsana pa bwato n'kumuyankha," anatero a Chirambo. "Ndinamira kanayi, koma nthambi zinatseka pakamwa pa bwato. Amuna khumi tinayesa kulitembenuza, osatheka. Nkhwangwa panalibe amene anali nayo. Ndani amapita kumaliro ndi nkhwangwa? Ndiye ndinaika pakamwa pamtengo n'kumuuza kuti andidikire, ndikukatenga nkhwangwa kumudzi. Ndinati, ukamva ndagogoda katatu, dziwa kuti ndafika nayo, usunthire kumapeto kuti ndingakuteme."

Kumudzi kunali kotalikirapo, matope ofika m'mawondo. Pobwerera anapeza madzi akwera, mkuyu ndi bwato zonse zamira. Anafufuza sabata yathunthu osapeza kanthu, mpaka anangoika m'manda zovala za malemuyo. Chaka chotsatira msodzi wina anagogoda pa bwato lake pamalo omwewo, pothamangitsira nsomba muukonde, ndipo anayankhidwa kuchokera pansi. Anasiya ukonde ndi bwato lomwe, sanasodzenso. Kuyambira pamenepo pa Chiziwa sagogoda, ndipo ngakhale mvuu zinasamukapo.

Overton anamva chisoni chenicheni, koma anafunsabe. "Nanga inuyo simunayesepo, adada?"

"Ndinali ndi mwana woti ndilere. Dorica anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi." Anatsanula tiyi wotsala pamchenga. "Ndiponso ndimaopa, a Malunga. Ndine mkulu wa mpingo, ndimalalikira za kuuka kwa akufa, koma ndimaopa chomene."

Sindinganame kuti Overton anakhulupirira zonse. Mumtima ankati chisoni chimamvetsa munthu zinthu. Koma anayang'ana m'magombe monse osaona phazi la mvuu ngakhale limodzi, ndipo anavomera. Miyezi inayi anadutsa pa Chiziwa nkhafi zili pamiyendo, alendo n'kumaganiza kuti akuwachititsa chete kuti amvere mbalame. Mu August Dorica, amene tsopano anali namwino, anakwatiwa, ndipo Overton anavina nawo paukwatipo. Anaona bambo ake a mkwatibwi akuseka koyamba tsiku limenelo.

Chaka chimenecho mvula inali itavuta. Pofika September maiwe a kumtunda anasanduka matope, ndipo mvuu zinayamba kulimbirana madzi akuya. Loweruka lina kunabwera alendo anayi. Awiri anali azungu okalamba, bambo ndi mayi, okonda mbalame, osamva Chichewa n'pang'ono pomwe. Enawo anali mayi Annette ndi amuna awo a Elias, anthu a ku Ntcheu amene boma linawatumiza kukagwira ntchito ku Rumphi. Makayaki anali anayi: Overton patsogolo, azungu pambuyo pake, banja la a Kachingwe, kenako a Chirambo.

Ulendo unayamba bwino. Anaona nkhwazi ikugwira nsomba, ng'ona zitatu zitayasama pamchenga, ndi nantchengwa akuzoka chisa chake pamphanda ya mtengo. A Elias ankapalasa chokhotakhota, akazi awo n'kumawanena kuti munthu wakumapiri sayenera kupatsidwa nkhafi. Anatsika pamiyala paja madzi akuwathovukira kumaso, aliyense akuseka.

Atangokhota, Overton anakweza dzanja kuti onse aime.

Pagombe la kumanzere panali kanjira katsopano kothyola minga. Pazitsamba panali ndowe za mvuu zomwazika, zikadali zonyowa, ntchentche zili ng'waa. M'matope munali mapazi aakulu, ndipo pambali pake timapazi ting'onoting'ono. Onse ankaloza m'madzi. Otuluka panalibe.

Anagwirira mabango n'kudikira kuti a Chirambo amupeze. Bamboyo anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali.

"Ili ndi mwana," ananong'ona Overton.

"Enya, ndaona."

"Kubwerera sitingathe, pamiyala paja sitingakwere ndi nkhalambazi. Kumtunda ndi minga, ndiponso ndi njira yake yomweyo."

"Tidutse chete, m'mbalimbali kumanja."

"Yamwana siimva zimenezo, adada. Tikaigunda pamsana, tatha."

"A Malunga." A Chirambo anagwira m'mbali mwa kayaki ya Overton. "Ndakupemphani."

Overton akuti sanavutikepo mumtima ngati mphindi imeneyo. Munthu amene ankamupemphayo anali ngati bambo ake. Koma atacheuka anaona mayi wachizungu uja akupukuta magalasi ake, ndi mayi Annette akukonza chipewa cha amuna awo, onse osadziwa kanthu, atamupatsa iye miyoyo yawo. Anakumbukira amake a Amock ndi mpeni wawo. Za pansi pa dziwe anangozimva, koma mano a mvuu anawaona ndi maso ake.

"Mundikhululukire, adada," anatero.

A Chirambo anachotsa dzanja lawo. Anabwerera kumalo kwawo kumbuyo.

Madzi anawalowetsa m'dziwemo pang'onopang'ono. Mayi Annette akuti chimene anazindikira choyamba ndi chete. Nyenje zimene zinkasokosa m'mawa wonse zinasiya pamodzi. Njiwa zinasiya. Kenako kunabwera fungo. Overton amati linali la madzi osefukira a m'dzinja, pamene mvula inali isanagwe miyezi isanu. Mayi Annette amati iwo anamva fungo la nsalu yochapa imene angoisita ndi simbi yamakala.

Overton anakweza nkhafi. Anagogoda katatu.

Panadutsa kanthawi. Kenako madzi anatumphuka patsogolo pawo, pakati penipeni pamene akanadutsa, mtunda wosakwana makayaki atatu. Inali mvuu yaikazi yaikulu, mwana ali pambali. Overton anakonzeka kukuwa kuti onse abwerere m'mbuyo, koma nyamayo sinawayang'ane n'komwe. Inathamangira kugombe, inakwera motsetserekamo ikuterereka, ikukankha mwana wake ndi mphuno, n'kulowa m'minga dzuwa likuswa mtengo. Anaimva ikuthyola tchire mpaka kutali. Pa zaka zonse za ntchito yake anali asanaonepo mvuu ikuthawa m'madzi masana.

Mtima wake unatsika pang'ono. Akanapanda kugogoda, akanaikwera pamsana. Anacheuka kuti awauze a Chirambo.

Pamenepo ndi pamene anayankhidwa.

Kunamveka pansi pa kayaki yake, pakati pa mapazi ake. Go, go, go. Sikunali kugunda kwa chipika kapena kwa kamba. Kunali kugogoda kwa zala zopinda, monga amachitira munthu pachitseko. Anakumva m'zidendene.

Kunasiya. Kunakayambira pansi pa kayaki ya azungu. Bambo wachizunguyo anaseka pang'ono n'kusuzumira m'madzi. Anasiya kuseka.

Kunasamukira kwa a Kachingwe. Mayi Annette akuti kunayamba kutsogolo kumene anakhala iwo, n'kutsetsereka mpaka kumbuyo kwa amuna awo, ngati munthu amene akupapasa mumdima kufuna khomo. Iwo ndi mphunzitsi wa sayansi, ndipo anayang'ana m'madzi dala kuti aone chimene chili pansi. Munalibe thovu. Munalibe mthunzi. A Elias anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka.

Kenako kunafika kwa a Chirambo. Kumeneko sikunasiye.

Kunali kofatsa tsopano, kosathamanga. Makayaki atatu ankatsetsereka ndi madzi. Ya a Chirambo inaima. Masamba ouma ankaidutsa mbali zonse, iyo ili chiimire pakati pa dziwe.

"Adada, palasani," anatero Overton.

"Siikuyenda."

"Ndikuponyerani chingwe."

"Yayi. Tulutsani alendo. Ndiyo ntchito yanu."

"Ndakulakwirani, adada."

"Chigwere mwachiona. Mwachita bwino." Mawu awo anali okhazikika. "Dorica ali pabanja tsopano. Pitani."

Anavula chipewa. Anamasula jekete yawo yoyandamitsa n'kuipinda bwinobwino. Anawerama n'kumasula kankhwangwa. Kenako anaika chikhatho pansi pa kayaki, pakati pa miyendo yawo, n'kulankhula m'Chitumbuka, motsitsa, monga amalankhulira munthu ndi mkazi wake m'nyumba.

"Nafika, Nyagondwe. Nachedwa."

Kugogoda kunasiya.

Mayi wachizungu uja anali atayamba kulira, ndipo kayaki yawo inkapendama. Overton anaikoka ndi chingwe, nauza a Elias kuti apalase osacheuka. Mayi Annette okha ndi amene anacheuka. Akuti anaona bamboyo akuvula nsapato, kenako mabango anawatchinga.

Kufika pamchenga wa kumunsi kunatenga mphindi zisanu. Overton anatsitsa alendo, nawauza kuti asayandikire madzi, n'kubwerera yekha mokwera mtsinje. Akuti sanapalasepo choncho chibadwire. Pamene ankalowanso pa Chiziwa, mphindi khumi zinali zitapitirira.

Kayaki inali pomwe paja. Sinagubuduzike. Jekete inali pampando, chipewa pamwamba pake, nsapato zitaikidwa moyandikana. Magazi panalibe. Madzi anali bata.

Anaitana kawiri. Palibe anayankha.

Kenako anamva. Kunkachokera pansi, kutali, kolemera. Thi. Kanthawi. Thi. Munthu aliyense wokulira kumudzi amadziwa kulira kwa nkhwangwa ikamalowa mumtengo. Kunkabwera molongosoka, ngati wotemayo akupuma bwinobwino pakati pa nkhwangwa ndi nkhwangwa.

Pafupi ndi nkhafi yake panayandama kanthu kofiira. Anakatola. Kanali kachipalapala ka mtengo wa mbawa, katsopano, m'mphepete mwake mosalala pamene panadutsa chitsulo. Kankanunkhira mtengo wongotema kumene. Kanatuluka kena. Kenako kena.

Overton si munthu wamantha pamadzi. Anavula jekete yake n'kudumphiramo. Pansi panali pozizira ngati m'mwezi wa June, ndipo mdima unayambira pafupi. Anatsika mpaka makutu kuwawa. Pansi sanapafike. Phokosolo linkamveka mbali zonse, ngakhale m'mano mwake. Anakwera, napuma, namiranso. Ulendo wachitatu ali m'kati motsika, linasiya.

Anadikira pamenepo mpaka chifuwa kutentha. Silinayambirenso.

Atavuuka anaona kayaki ya a Chirambo yamasuka, ikutsetsereka yokha kumunsi ndi nsapato zija. Nyenje zinali zitayambanso kulira.

Apolisi ndi anthu a m'midzi yozungulira anafufuza masiku anayi ndi nsungwi zazitali ndi mbedza. Amuna a m'mabwato anakulunga nsanza kunkhafi zawo kuti zisagunde mtengo mwangozi. Sanapeze munthu, nkhwangwa, kapena bwato lakale lija. M'malipoti analemba kuti ng'ona. Ine ng'ona yodikira kuti munthu avule nsapato ndi kupinda jekete sindinaimvepo, koma olemba malipoti nawonso amafuna kuweruka. Banja linaika m'manda suti ya a Chirambo ya kutchalitchi, pafupi ndi pamene anaika zovala za mkazi wawo.

Pamaliro Overton anakhala kumbuyo, ndipo palibe anamuloza chala. Patatha sabata ziwiri anapita yekha kunyumba kwa Dorica. Anamupeza atangoweruka kuntchito, akadali ndi yunifolomu. Anamulowetsa pabalaza, namupatsa mpando, iye n'kukhala moyang'anana naye.

"Achemwali, ndabwera kudzanena zimene sizili m'lipoti," anatero Overton. "Amene anagogoda ndine. Anandiletsa, koma ndinagogoda."

Dorica sanadzidzimuke. "Ndinamva kale. A Kachingwe anabwera. Akuti mukanapanda kutero bwenzi maliro ali ambiri."

"Sindikudziwa ngati zimenezo zikundichotsera mlandu."

"Inenso sindikudziwa, a Malunga."

Overton anatulutsa kampango m'thumba n'kukamasula patebulo. Munali tizipalapala tisanu ta mbawa. Dorica anatola kamodzi, nakatembenuza, nakanunkhiza. Misozi inkatsika, osaipukuta.

"Adada ankanola nkhwangwa ija Loweruka lililonse," anatero. "Kuyambira ndili mwana. Ndinkadziwa kuti si ya mitengo." Anakabweza pakampango. "Akuti munamva akutema."

"Ndinamva."

"Mpaka kunasiya."

"Kunasiya."

"Kunasiya chifukwa anaboola, kapena chifukwa analephera?"

Funso limenelo Overton anali atadzifunsa kale tsiku lililonse.

"Ine ndimagwira ntchito m'chipatala," anapitiriza Dorica. "Imfa ndimaidziwa, siindiopsa. Chimene sindingathe ndi kugona ndikuganiza kuti amama akudikirabe, ndiye tsopano adada awonjezekera. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zakwana." Anamuyang'ana m'maso. "Ndikupemphani chinthu chimodzi. Kuno palibe amene angachite, ndipo ine kupalasa sindidziwa. Mupiteko mukagogode katatu. Kukakhala zii, mudzandiuze, ndidziwe kuti anatuluka."

"Nanga kukayankha?"

"Mudzandiuzebe."

Overton anavomera. Ananena ndi pakamwa pake kuti apita.

Kampani ija inasiya maulendo a kumunsi kwa miyala, ndipo patapita chaka inatsekeratu. Overton anagula kayaki imodzi kwa eni ake, ndipo ili kuseri kwa nyumba imene amakhala ku Bolero, ataivundikira ndi malata. Kwawo ku Liwonde sanabwerere, chifukwa akuti sangachoke asanakwaniritse zimene analonjeza. Kawiri konse anafika mpaka pamiyala paja, nagwirira mabango, nayang'ana pokhota, n'kukoka kayaki yake kubwerera. Akakumana ndi Dorica kumsika amapatsana moni mwaulemu. Mayiyo safunsa. Amangomuyang'ana, kenako n'kupitiriza kugula tomato wake.

Nditamufunsa chimene chimamubweza, anandiuza kuti dzanja la Nyagondwe analimva kale, ndipo akhoza kupirira kulimvanso. Chimene sangathe ndi kukagogoda, n'kumva manja awiri akuyankha, kenako n'kuyenda wapansi kukamuuza mwana wawo.